Kodi Mumadziwa? Kontena Imodzi, Eni Ake Ambirimbiri

Matochi a sola a pa msika wa Kanyama, mapoto a ku Chawama, nsapato za ana asukulu ku Matero, maloko ndi mahinji amene akalipentala a ku Kalingalinga amakhomera pa zitseko: zambiri mwa izi, zimene zimapezeka m'makomboni a Lusaka, zinawoloka nyanja zisanafike pa thebulo la wogulitsa. Mwini kantemba alibe mpamba wodzazira kontena payekha. Chimene amachita n'kugula kamalo m'kontena momwe mwalowanso katundu wa anzake, ena owadziwa, ambiri osawadziwa n'komwe. Ndi chilimba cha katundu: aliyense amaponyamo zake, ndipo mmodzi akaphonya onse amalira. Nazi mfundo zoti muzidziwe musanatumize ngwee yanu kunja.

BOKOSI LENILENILO

Kodi mumadziwa kuti amene anayambitsa ntchito ya makontena sanali munthu wa panyanja? Malcom McLean wa ku America anali mwini malole. Pa 26 April 1956, sitima yake yotchedwa Ideal X inanyamuka ku Newark kupita ku Houston itasenza makontena 58. Masiku amenewo, kupakira tani imodzi ya katundu m'sitima ndi manja kunkadya madola 5.86. Makontena atabwera, mtengowo unagwa mpaka masenti 16. Kugwa kwa mtengo kumeneku ndiko kumachititsa kuti supuni yopangidwa ku China ifike ku George ili pa mtengo woti mayi wa m'komboni angaukwanitse.

Kodi mumadziwa kuti katundu woposa 80 peresenti wa malonda a pakati pa mayiko amayenda panyanja? Chonsecho Zambia ilibe gombe la nyanja yamchere. Yazunguliridwa ndi mayiko 8: Tanzania, Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia, Angola ndi DR Congo. Kontena iliyonse yofika mu Lusaka inatsikira padoko la eni, ndipo inalipira msewu wa eni.

Kodi mumadziwa kukula kwake? Malo a m'kontena amawerengedwa m'ma CBM. CBM imodzi ndi malo a mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi kupita m'mwamba. Kontena ya mafiti 20 ili ndi ma CBM 33, ya mafiti 40 ili ndi 67, ndipo ya mafiti 40 ya denga lokwera, yotchedwa High Cube, ili ndi 76. Koma makatoni amasiya mipata, choncho ya mafiti 20 imakhala itadzaza kale pa ma CBM 25 mpaka 28. Ngati aliyense atenga CBM imodzi, ndiye kuti bokosi limodzilo lasenza mpamba wa mabanja oposa 20.

KAWERENGEDWE KA MALO ANU

Kodi mumadziwa mmene kuphatikizana kumayendera? Ejenti amakupatsani adiresi ya nyumba yake yosungiramo katundu ku Guangzhou, ku Yiwu kapena ku Dubai, pamodzi ndi chizindikiro chanu choti chilembedwe pa katoni iliyonse. Amene mwamugula katundu amakatula makatoniwo kumeneko. Ejenti amayeza, amasonkhanitsa za anthu ambiri mpaka kontena idzaze, ndiyeno n'kuitseka. Ikafika kuno amaipasula, aliyense n'kutenga zake. Pa mapepala a zasitima njira imeneyi imalembedwa kuti LCL, pamene kontena ya munthu mmodzi imalembedwa kuti FCL.

Kodi mumadziwa kuti mukhoza kudziyezera nokha? Tengani tepi. Katoni ya masentimita 60 m'litali, 50 m'lifupi ndi 40 kupita m'mwamba, mukachulukitsa 0.6 ndi 0.5 ndi 0.4, mupeza CBM 0.12. Makatoni 8 otere ndi CBM 0.96, pafupifupi imodzi yathunthu. Muuzeni wogulitsa akutumizireni miyeso ya katoni iliyonse ndi zithunzi zake katundu asanachoke m'manja mwake. Wodziwa masamu a katundu wake sanamizidwa pa tsiku lolipira.

Kodi mumadziwa kuti sikelo nayo ili ndi mawu? Panyanja, CBM imodzi imayerekezedwa ndi makilogalamu 1,000, ndipo mumalipira chimene chakula pa ziwirizo. Mapilo ndi mabeseni apulasitiki amalipira malo. Misomali, matailosi ndi mabawuti zimalipira kulemera. Pamsewu ndiye nkhani ya kulemera imakula kwambiri, chifukwa lole iyenera kukwera masikelo a m'njira monga a ku Mpika ndi ku Kapiri Mposhi, choncho maejenti ambiri amaika malire awoawo otsikirapo. Amene mumaoda zitsulo za owotcherera a mumsewu wa Alick Nkhata, funsani za kulemera musanafunse za CBM.

Kodi mumadziwa kuti kuphatikizana si kotsika mtengo nthawi zonse? CBM imodzi ya m'kontena yophatikizana imadula kuposa CBM imodzi ya m'kontena ya munthu mmodzi, chifukwa ejenti amalipiritsa kusonkhanitsa, kupakira ndi kupasula. Katundu akamayandikira ma CBM 15, ndi nthawi yofunsa mtengo wa kontena yathunthu ya mafiti 20. Apa ndi pamene amalonda asanu kapena khumi a msika umodzi, odziwana ndi okhulupirirana, angathe kudzitengera kontena yawoyawo.

KUMENE KATUNDU AMACHOKERA

Kodi mumadziwa kuti msika wa Yiwu, m'chigawo cha Zhejiang, uli ndi timashopu pafupifupi 75,000? Ndiwo msika waukulu kwambiri padziko lonse wa tinthu ting'onoting'ono: mabatani, zidole, maambulera, zipeso, zodzikongoletsera. Katundu wa kumeneko amatulukira padoko la Ningbo. Zovala, nsapato, mawigi ndi mafoni zimachuluka ku Guangzhou, kumene dera la Xiaobei linatchuka ndi amalonda ochokera ku Africa. Mumzinda womwewo mumachitika chionetsero cha Canton Fair, chimene chinayamba mu 1957 ndipo chimachitika kawiri pachaka, kuyambira mu April ndi mu October.

Kodi mumadziwa kuti kalendala ya ku China imalamulira mashelefu a ku Mtendere? Chaka Chatsopano cha Chitchaina chimagwa pakati pa 21 January ndi 20 February. Mafakitale amatseka kwa masabata angapo antchito atapita kumidzi kwawo, ndipo masabata oyandikira tchuthicho malo m'sitima amasowa. Sabata yoyamba ya October nayonso ndi ya tchuthi. Kuchokera tsiku lotula katundu kwa ejenti mpaka tsiku lomutenga mu Lusaka pamadutsa miyezi iwiri, nthawi zina itatu. Katundu wa Khirisimasi ndi wa ana otsegulira sukulu mu January ayenera kuodedwa dzinja lisanayandikire, mu August kapena September.

NJIRA ZOFIKIRA KU LUSAKA

Kodi mumadziwa kuti madoko asanu ndiwo amatumikira Zambia kwambiri? Katundu wambiri wochokera ku China ndi ku Dubai amatsikira ku Dar es Salaam, n'kuyenda makilomita pafupifupi 2,000 kudzera ku Morogoro, Iringa, Mbeya, Tunduma, Nakonde, Mpika, Serenje, Kapiri Mposhi ndi Kabwe. Doko lapafupi ndi Beira, pamtunda woposa pang'ono makilomita 1,000 kudzera ku Mutare, Harare ndi Chirundu, ndipo pali njira ina yotalikirapo yodzera ku Tete, Chanida ndi Katete. Palinso Nacala kudzera m'Malawi, Durban ku South Africa ndi Walvis Bay ku Namibia. Funsani ejenti njira imene kontena yanu idzere, chifukwa mpanipani wa padoko limodzi kapena chipwirikiti cha pamalire amodzi chingachedwetse katundu ndi masabata.

Kodi mumadziwa kuti njanji ya TAZARA ndi yaitali makilomita 1,860? Inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira mu 1970 mpaka 1975, m'nthawi ya Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere, kuti Zambia ipeze njira ya kunyanja yosadzera ku Rhodesia wa atsamunda. Imachokera ku Dar es Salaam n'kuthera ku Kapiri Mposhi. Lero makontena ambiri amabwera pa malole, koma njanjiyi ikatsitsimuka, mmodzi mwa opindula adzakhala wamalonda wamng'ono, amene mtengo wa mayendedwe umamudyera phindu kwambiri.

Kodi mumadziwa kuti Chirundu ndiwo malire oyamba mu Africa kukhala ndi dongosolo loimira pamalo amodzi? Kuyambira mu December 2009, lole imaima kamodzi, maofesala a mayiko awiri n'kugwirira ntchito pamalo omwewo. Tunduma ndi Nakonde anatsatira mu 2019. Mlatho wa Kazungula, wa mamita 923, unatsegulidwa pa 10 May 2021, ndipo malole amene ankagona masiku podikira pantoni anayamba kuwoloka Zambezi pamsewu. Mwami ndi Mchinji anatsegula malo awo mu December 2022.

MSONKHO NDI MAPEPALA

Kodi mumadziwa kuti msonkho suwerengedwa pa mtengo wogulira wokha? Zambia Revenue Authority (ZRA), imene inakhazikitsidwa mu 1994, imaphatikiza mtengo wa katundu, wa inshuwaransi ndi wa mayendedwe mpaka pamalire. Zinthu zambiri zopangidwa kale zimalipira 25 peresenti. Kenako VAT ya 16 peresenti imawerengedwa pamwamba pa zonsezo. Tiyerekeze kuti katundu wanu pamodzi ndi mayendedwe wakwana K10,000. Msonkho wa kasitomu ndi K2,500, VAT pa K12,500 ndi K2,000, zonse pamodzi K4,500, tisanaonjeze misonkho ina imene katundu wina amakhala nayo. Woiwala masamu amenewa poika mitengo amagulitsa katundu yense koma mpamba osabwerera.

Kodi mumadziwa kuti chinthu chilichonse chogulitsidwa padziko chili ndi nambala yake? Imatchedwa HS code. Dongosololi linayamba mu 1988 ndipo limayendetsedwa ndi World Customs Organization ku Brussels. Manambala 6 oyambirira ndi ofanana m'mayiko pafupifupi onse, ndipo nambala yonse ndiyo imauza ofesala msonkho woyenera. Woombola katundu amailemba mu kompyuta ya ZRA ya ASYCUDA World. Khalaninso ndi TPIN yanu, nambala ya wolipira msonkho, imene imatengedwa kwaulere.

Kodi mumadziwa kuti mtengo umene ejenti watchula ungatanthauze zinthu ziwiri zosiyana? Ena amatchula wa mayendedwe okha, ena amaphatikizamo msonkho. Funsani mafunso atatu ndipo mayankho ake alembedwe: Kodi msonkho ulimo? Katundu adzaomboledwa m'dzina la yani? Ndidzakatengera kuti, ndipo ndikachedwa kutenga ndidzalipira zingati pa tsiku?

Kodi mumadziwa kuti kontena iliyonse ili ndi dzina loti mungailondolere pa foni? Pachitseko pake pamalembedwa zilembo zinayi, chomaliza chake U, ndi manambala 7. Mukazilemba pa tsamba la intaneti la kampani ya sitimayo, muona doko limene kontena inakwerera ndi tsiku limene ikuyembekezeka kutsika. Ejenti woona mtima savutika kukupatsani nambala imeneyi, pamodzi ndi lisiti losonyeza dzina lanu, kuchuluka kwa makatoni, ma CBM ndi ndalama zimene mwalipira. Amene amangoyankha kuti katundu ali pamadzi miyezi n'kumapita, mumuope.

Kodi mumadziwa kuti dongosolo lofewetsa malonda la COMESA silikhudza katundu wa ku China? Linayamba mu 2010 pamalire a Zambia ndi Malawi komanso a Zambia ndi Zimbabwe, ndipo limathandiza wamalonda wa katundu wosapitirira madola 2,000. Koma katunduyo ayenera kukhala wolimidwa kapena wopangidwa m'mayiko a bungweli, ndiponso akhale pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana. Mpunga wa ku Karonga ungalowemo. Matochi a ku Yiwu sangalowemo, ngakhale mutawagulira ku Lilongwe.

BODZA LA MMODZI, CHILANGO CHA ONSE

Kodi mumadziwa kuti katoni imodzi ingaimitse kontena yonse? Mfundo imeneyi ndiyo yaikulu pa zonse. Kontena ili ndi chitseko chimodzi ndi chidindo chimodzi. Munthu wina akalemba kuti m'makatoni ake muli zidole pamene muli mafoni, kapena akachepetsa mtengo pa invoisi, kapena akabisa nsapato zachinyengo za dzina la kampani yotchuka, makina ounikira akaona chokayikitsa, maofesala amatsegula ndi kutsitsa zonse. Pamenepo mapoto a mayi wa ku Chawama amene analemba zoona amakhala padzuwa pamodzi ndi katundu wa wabodzayo. Masiku amapita, Khirisimasi imadutsa, wa kaloba amagogoda pakhomo. Wabodzayo anafuna kupulumutsa makwacha ochepa, koma wagwetsa mabanja amene sanawaonepo nkhope.

Kodi mumadziwa kuti kontena ikachedwa imabala ngongole tsiku lililonse? Kampani ya sitima imapereka masiku owerengeka aulere oti kontena ichoke padoko, ikatsitse katundu, ibwezedwe yopanda kanthu. Masikuwo akatha, lendi imayamba, ndipo imawerengedwa m'madola. Doko nalo limalipiritsa posungira. M'kontena yophatikizana ngongole imeneyi kawirikawiri imagawidwa kwa onse. Katundu akakhalitsa osaomboledwa, lamulo limalola a kasitomu kumulanda ndi kumugulitsa pa okishoni.

Kodi mumadziwa kuti mabatire a lithiamu ali m'gulu la katundu woopsa? Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko. Madzi anachepa ku Kariba, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo aliyense anathamangira kuoda nyale za sola, mabatire ndi mainveta. Malamulo a zapanyanja a IMDG amaika mabatire a lithiamu m'gulu 9, ndipo mafuta onunkhira, penti ndi guluu wina zili m'gulu 3 la zoyaka msanga. Zinthu zimenezi zimayenda, koma ziyenera kutchulidwa ndi kupakiridwa mwa dongosolo lake. Kuzibisa n'kuika moyo wa oyendetsa sitima pachiswe, chifukwa moto wa pakati pa nyanja ulibe wozimitsa wochokera kunja.

Kodi mumadziwa kuti katundu wina amafuna chilolezo asanalowe? Mankhwala amayang'aniridwa ndi ZAMRA, mafoni ndi zipangizo zolumikizirana ndi ZICTA, ndipo Zambia Compulsory Standards Agency imayeza zinthu monga mawaya a magetsi ndi mabelo a salaula. Zovala zamkati zovalidwa kale n'zoletsedwa m'mabelo amenewa. Fufuzani musanagule, chifukwa pamalire si pophunzirira lamulo.

ZOSAYEMBEKEZEKA ZA M'NJIRA

Kodi mumadziwa kuti sitima ikapeza ngozi, inunso mungalipitsidwe ngakhale makatoni anu ali bwinobwino? Pali lamulo lakale kwambiri la panyanja, lochokera kwa amalinyero a pachilumba cha Rhodes, lonena kuti zimene zawonongedwa populumutsa sitima zigawidwe kwa onse amene katundu wawo wapulumuka. Sitima ya Ever Given itatseka ngalande ya Suez kwa masiku 6 mu March 2021, eni ake anagwiritsa ntchito lamulo lomweli. Wokhala ndi inshuwaransi, kampani yake imamuimira. Wopanda inshuwaransi amayenera kuika chikole asanatenge katundu wake. Komanso katundu akatayika, malamulo amachepetsa chipukutamisozi cha eni sitima kufika pa madola ochepa pa kilogalamu kapena ndalama yoikika pa katoni. Inshuwaransi ya katundu imadya kagawo kakang'ono ka mtengo wake. Musaione ngati kuwononga ndalama.

Kodi mumadziwa kuti m'kontena mumagwa mvula? Masana chitsulo chimatentha, usiku chimazizira, ndipo chinyontho chimasanduka madontho kudenga n'kudonthera pa makatoni. Nsapato zachikopa zimachita nkhungu, zitsulo zimachita dzimbiri. Muuzeni wogulitsa akulunge katundu m'pulasitiki mkati mwa katoni ndi kuikamo timapaketi toyamwa chinyontho. Makatoni akhale olimba, chifukwa pamwamba pawo padzakhala katundu wa munthu wina.

Kodi mumadziwa kuti mitengo ya sitima imakwera ndi kutsika mofulumira? Mu 2019, kunyamula kontena ya mafiti 40 pa njira zikuluzikulu za dziko kunali pansi pa madola 2,000. Mu September 2021, mliri wa Covid-19 utasokoneza madoko, mtengowo unapitirira madola 10,000. Kumapeto kwa 2023 sitima zinayamba kuthawa Nyanja Yofiira chifukwa cha zigawenga za ku Yemen, mitengo n'kukweranso. Mtengo wa chaka chatha si wodalira pokonza bajeti ya lero.

Kodi mumadziwa kuti mumagula m'madola koma mumagulitsa m'makwacha? Chapakati pa 2021 dola imodzi inali pa K22, miyezi ingapo pambuyo pake inatsikira cha pa K16, ndipo kumayambiriro kwa 2024 inafika pa K27. Maejenti ambiri amalipiritsa pa tsiku limene katundu wafika, pa mtengo wa dola wa tsiku lomwelo. Poika mtengo wogulitsira, musawerengere zimene munagulira zokha. Werengerani zimene mudzafunika kuti muodenso.

KATUNDU AKAFIKA

Kodi mumadziwa kuti makilomita omaliza ndiwo amataya katundu wambiri wa anthu osasamala? Kontena simalowa m'tinjira ta George kapena ta Chawama. Makatoni amachoka kwa ejenti pa kalole kakang'ono, n'kumalizira pa wilibala ya Zamcab. Awerengeni ndi kuwayang'ana musanasaine. Katoni yong'ambika kapena yonyowa ijambulidwe ndi kulembedwa pa lisiti pomwepo, chifukwa mukatuluka pageti dandaulo lanu lachepa mphamvu.

Kodi mumadziwa kuti posungira pangathe kumaliza zimene nyanja inalephera? Kanyama inamangidwa pamalo athyathyathya, pamwamba pa miyala ya laimu, ndipo dzinja lililonse madzi amalowa m'nyumba. Makatoni akhale pa mapaleti kapena pa mashelefu okwera. Motonso ulipo: pa 4 July 2017, City Market inapsa, ndipo amalonda ambirimbiri anataya katundu wawo yense usiku umodzi. Musaunjike mpamba wonse pamalo amodzi.

Kodi mumadziwa kuti muli ndi kofufuzira ndi kodandaulira? Ku PACRA mungaone ngati kampani ya ejenti inalembetsedwa. Woombola katundu ayenera kukhala ndi chiphaso cha ZRA. Competition and Consumer Protection Commission imalandira madandaulo a ogula amene achitiridwa chinyengo, ndipo Cross Border Traders Association imasonkhanitsa amalonda odutsa malire. Koma onsewa adzakufunsani pepala. Ndalama yotumizidwa ku nambala ya foni ya munthu wongomudziwira pa Facebook, popanda lisiti, imavuta kuilondola.

Amayi ndi abambo a m'misika, kontena yophatikizana yapatsa mwini kantemba mwayi umene kale unali wa eni mashopu akuluakulu a ku Kamwala okha. Mwayiwu udzakhalitsa ngati tiusamala pamodzi. Magulu a village banking amene alipo kale ku Mtendere, ku Matero ndi ku Kanyama amadziwa kusunga buku, kusankha msungichuma ndi kulanga wochedwa kubweza. Luso lomwelo ndilo likufunika apa. Pa msonkhano wanu wotsatira, lembani katundu amene aliyense amaoda, muwerenge ma CBM a gulu lonse, mufunse mitengo kwa maejenti atatu, ndipo mugwirizane lamulo limodzi losasinthika: chimene chili m'katoni ndicho chilembedwe pa pepala.